Kachipangizo kakuti malungo palibe koma thupi likutentha: tikhulupirire chiti?

Mayi wa ana awiri analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka kwa inu amene mumagwira ntchito zachipatala. M'banja mwanga mwachitika zinthu ziwiri zimene ndikaziika pamodzi zikuoneka ngati zikutsutsana, moti ndayamba kukayikira kachipangizo kamene amayezera malungo akatibaya chala.

Choyamba ndi cha mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi. Anatentha thupi, tinakamuyezetsa, anapezeka ndi malungo ndipo anapatsidwa mankhwala a LA, amene anamwa onse monga momwe anatilangizira. Anachira n'kuyambanso kusewera. Patapita pafupifupi masabata awiri thupi linatenthanso, ndipo titabwerera kuchipatala kachipangizo kanaonetsanso mizere iwiri. Ine ndinkayembekezera kuti amupatsanso LA, koma adokotala anati magazi akaonedwe kaye pa maikulosikopu. Kumeneko sanapeze tizilombo ta malungo. Atamuunika m'makutu anapeza kuti khutu limodzi latupa mkati, ndipo anamulembera mankhwala ena.

Chachiwiri ndi cha bambo a kunyumba. Akhala akudandaula mutu, kuphwanya m'thupi ndi kuzizidwa, ndipo iwo akuti malungo amawadziwa bwino chifukwa adwalapo kambirimbiri. Atawayeza, kachipangizo kanaonetsa mzere umodzi. Achipatala anakana kuwapatsa LA, anangowapatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi kutentha thupi, n'kuwauza kuti abwerenso ngati sakupeza bwino pakapita masiku awiri. Bambowa akhumudwa ndipo akufuna kukagula okha LA.

Funso langa ndi ili: kachipangizoka kanati mwana ali ndi malungo pamene analibe, nanga ndingadziwe bwanji kuti sikananame pamene kanati bambo ake alibe? Kodi kamaona chiyani kwenikweni m'dontho la magazi lija? Ndipo kumwa LA mongodziteteza kuli ndi vuto lanji?

Woyeza magazi mu labotale anayankha:

Mayi, funso lanu ndi lomveka, ndipo ndiyankha mbali yokhudza kuyeza chifukwa ndiyo ntchito yanga. Kuti mumvetse zimene kachipangizoka kamaona, m'pofunika kuyamba ndi zimene zimachitika m'thupi.

Malungo amayamba ndi tizilombo totchedwa Plasmodium. Pali mitundu isanu imene imadwalitsa anthu, koma umene umapha anthu ambiri, komanso umene uli wofala kwambiri mu Africa, ndi Plasmodium falciparum. Dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, ndiye anayamba kuona tizilomboti m'magazi a wodwala m'chaka cha 1880 ku Algeria, ndipo mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anatipeza m'mimba mwa udzudzu. Umene umafalitsa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, womwe umafuna magazi kuti mazira ake akhwime ndipo umaluma kwambiri kuyambira kukamada mpaka m'bandakucha. Kunyowa ndi mvula kapena kugona pozizira sikuyambitsa malungo. Mvula imangochulukitsa madzi oima amene udzudzu umaswerana, n'chifukwa chake odwala amachuluka nthawi ya mvula ndi ikangotha kumene.

Udzudzu ukaluma, tizilombo timapita kaye m'chiwindi. Kumeneko timakhala pafupifupi sabata imodzi kapena kupitirira tikuchulukana mwakachetechete, moti kachilombo kamodzi kamabala tina masauzande ambiri, koma munthu samva chilichonse ndipo palibe chipangizo cha kuchipatala chimene chingatione. Tikatuluka m'chiwindi timalowa m'maselo ofiira a magazi, timadya zimene zili mkati mwake, timachulukana, kenako selo limaphulika ndipo tizilombo tatsopano timakalowa m'maselo ena. Kwa falciparum kuzungulira kumeneku kumatenga pafupifupi maola 48. Kuphulika kwa maselo ndiko kumabweretsa kunjenjemera, kutentha thupi ndi thukuta, ndipo kuwonongeka kwa maselo ambiri ndiko kumachepetsa magazi. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba patatha masiku 10 mpaka 15 chilumidwire.

Tsopano za kachipangizo kaja. Mitundu yambiri imene imagwiritsidwa ntchito mu Africa siona kachilombo kenikeniko. Imaona puloteni yotchedwa HRP2, imene tizilombo ta falciparum timatulutsa tikakhala m'magazi. Kachipangizoka kali ngati mlenje amene akuona mapazi a nyama pansi: mapazi amatsimikizira kuti nyama inadutsa, koma amatsala ngakhale nyamayo itaphedwa kale. Puloteni imeneyi imachedwa kutha m'thupi, ndipo imatha kukhalapo kwa masabata angapo, nthawi zina kupitirira mwezi, mankhwala atapha kale tizilombo tonse. Choncho kwa mwana wanu kachipangizo sikananame, kanangoonetsa zotsalira za malungo amene anachira. Adokotala anachita zoyenera potumiza magazi pa maikulosikopu, chifukwa pamenepo timapaka magazi pagalasi, kuwaumitsa, kuwathira utoto wotchedwa Giemsa, n'kuyang'ana tizilombo tenitenito ndi maso athu. Timatha kudziwa mtundu wake komanso kuwerenga kuchuluka kwake. Kuyeza kumeneku kunali kofunikanso pa chifukwa china: kutentha thupi kukabweranso pasanathe masiku 28 munthu atamwa LA, zimatheka kuti mankhwala sanamalize ntchito, ndipo tikadapeza tizilombo mwanayo akadafunika mankhwala a mtundu wina osati kungobwereza omwewo.

Nkhani ya bambo ndi yosiyana. Mzere umodzi, umene umangosonyeza kuti kachipangizo kagwira ntchito, nthawi zambiri umanena zoona. Munthu amene akudwaladi chifukwa cha falciparum amakhala ndi puloteni yokwanira kuoneka. Komabe sindinganene kuti sikalakwitsa konse. Kamatha kuphonya ngati tizilombo tikadali tochepa kwambiri, monga tsiku loyamba la matenda. Kamaphonyanso ngati kanasungidwa pamalo otentha kwambiri, ngati kanatha mphamvu, ngati woyeza anathira magazi kapena madzi ake mosatsata mlingo, kapena ngati anawerenga zotsatira nthawi isanakwane, chifukwa mitundu yambiri imafuna mphindi 15 kapena 20. Palinso tizilombo ta falciparum timene sititulutsanso puloteni imeneyi. Tinayamba kudziwika ku Peru, ndipo tapezeka tambiri ku Eritrea ndi ku Ethiopia, moti Eritrea inasiya kudalira zipangizo zoona HRP2 yokha. Komanso kachipangizo koona HRP2 yokha sikangaone mitundu ina monga vivax, ovale ndi malariae.

N'chifukwa chake anawauza kuti abwerenso. Mawu amenewo sanali ongowathamangitsa, ndi mbali ya chithandizo. Ngati thupi likutenthabe, ayezedwenso, ndipo ngati n'kotheka apemphe kuti magazi akaonedwe pa maikulosikopu. Tizilombo tikakhalapo timachulukana mofulumira, kotero malungo amene anabisala dzana kawirikawiri sabisalanso lero.

Gogo wopuma pa ntchito anayankha:

Achimwene a ku labotale, mwafotokoza momveka ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma mtima wanga sunakhazikike. Inu nomwe mwavomereza kuti kachipangizo kamatha kuphonya. Ndiye ndikufunsa: pakati pa kumwa mankhwala amene thupi silikuwafuna ndi kusiya malungo akukula m'magazi, choopsa kwambiri n'chiti?

Ine ndinakula nthawi imene mwana aliyense wotentha thupi ankapatsidwa chloroquine popanda kubaya chala, ndipo ambiri tinapulumuka motero. Ndinatayanso mng'ono wanga tili ana. Anayamba kutentha thupi madzulo, makolo anati tione mmene kuchere, ndipo tsiku lotsatira anayamba kukomoka n'kumwalira asanafike kuchipatala. Chichokereni nthawi imeneyo mawu akuti tidikire ndimawaopa kwambiri pa nkhani ya malungo. Kunena kuti mubwerenso pakapita masiku awiri n'kosavuta kwa amene akukhala pafupi ndi chipatala, koma alipo anthu amene ulendo umodzi wokha umawatengera tsiku lathunthu, ndipo sangaubwereze.

Sindikunyoza ntchito yanu, ndikungofuna kuti wina andiuze moona mtima ngati lamulo loyeza kaye linaikidwa pofuna kuteteza wodwala, kapena pofuna kusunga mankhwala kuti asathe msanga. Mayi amene mwafunsanu, ine ndikadakhala inu sindikadawaletsa bambowo kugula, pokhapokha wina atandionetsa kuipa kwake.

Dokotala wa ku wodi ya ana anayankha:

Agogo, pepani kwambiri chifukwa cha mng'ono wanu. Mantha anu ndi oyenera, ndipo pa zinthu ziwiri malangizo a zaumoyo amagwirizana nanu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, limene kuyambira mu 2010 limalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo ayezedwe asanapatsidwe mankhwala, limanenanso kuti ngati palibe njira yoyezera imene ingapezeke mkati mwa maola awiri, wodwala apatsidwe mankhwala potengera zizindikiro. Ndipo wodwala amene ali ndi zizindikiro zoopsa sitimudikiritsa zotsatira, timayamba chithandizo uku magazi akuyezedwa. Kuyeza kumatenga mphindi zosapitirira 20, kotero kuyeza kaye sikufanana ndi kuona mmene kuchere. Chimene chimapha ndi kukhala kunyumba, ndipo wotentha thupi aliyense, makamaka mwana, ayenera kuyezedwa pasanathe maola 24.

Koma pa funso lanu lalikulu ndikusiyana nanu. Choopsa cha kumwa LA pamene malungo palibe sichili kwenikweni m'mapiritsiwo, chili m'matenda enieni amene amasiyidwa osathandizidwa. Kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, kuzizidwa, nseru, kusanza ndi kutsekula m'mimba ndi zizindikiro za malungo, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chili cha malungo okha. Chibayo, tayifodi, matenda a m'chikhodzodzo ndi impso, matenda oumitsa khosi, zilonda za kukhosi, kutupa kwa m'khutu ndi chimfine choyamba ndi mavairasi zimayamba chimodzimodzi. Ngakhale ife amene timaona odwala tsiku ndi tsiku sitingazisiyanitse ndi maso okha, ndipo munthu wamkulu amene akuti malungo amawadziwa m'thupi mwake kwenikweni amadziwa mmene kutentha thupi kumamvekera. Munthu akayamba LA amakhazika mtima pansi kwa masiku atatu poganiza kuti ali pa chithandizo. Ana ambiri amene amandivuta ku wodi ndi amene amafika tsiku lachinayi, chibayo chitadzaza mapapo kapena khosi litauma, makolo akunena modabwa kuti koma mankhwala a malungo anamaliza onse. Mwana wa mayi amene afunsawa akadangopatsidwanso LA, khutu lake palibe akadaliunika.

Za kusunga mankhwala n'zoonanso, koma si kusunga m'nkhokwe, ndi kusunga mphamvu yake. Chloroquine amene mukumukumbukira anali mankhwala abwino zedi. Tizilombo tosamva mankhwalawa tinayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ndi ku South America, tinafika kum'mawa kwa Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo imfa za ana zinakwera chifukwa makolo ndi achipatala ankapereka mankhwala amene sankaphanso tizilombo. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Fansidar, koma nayenso sanachedwe kufooka. Mankhwala amene tikudalira lero, kuphatikizapo LA, amachokera ku artemisinin, amene gulu la Tu Youyou ku China linatulutsa m'chomera cha Artemisia annua kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2015. Tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin tinayamba kudziwika ku Cambodia, ndipo tsopano tatsimikizika ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania. LA akugwirabe ntchito bwino m'madera ambiri, koma chenjezo lafika kale.

Apa ndi pamene kumwa mwachisawawa kumavulazira anthu onse. M'piritsi la LA muli mankhwala awiri. Artemether amapha tizilombo tambiri mofulumira koma amatha m'thupi m'maola ochepa, pamene lumefantrine amatsala kwa masiku ambiri kuti amalize totsalira. Munthu amene wamwa popanda malungo amakhala ndi lumefantrine wochepa m'magazi kwa nthawi ndithu, ndipo akalumidwa nthawi imeneyo tizilombo timakumana ndi mlingo wosakwanira kutipha tonse, moti topirira n'timene timapulumuka ndi kufalikira. Zimenezi zimachitikanso kwa amene amasiya mankhwala panjira chifukwa chakuti wayamba kupeza bwino, kapena amene amagawana mlingo wa munthu mmodzi pakati pa ana awiri. Ndipo mankhwala ogula mwamseri amatha kukhala achinyengo, opanda mphamvu kapena otha nthawi.

Popeza ambiri akuwerenga, ndifotokoze kamwedwe koyenera kwa amene apezeka ndi malungo. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Ulendo wachiwiri umabwera patatha maola 8 kuchokera pa woyamba, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Chiwerengero cha mapiritsi chimatengera kulemera kwa thupi: limodzi pa ulendo uliwonse kwa mwana wa makilogalamu 5 mpaka osakwana 15, awiri kwa wa 15 mpaka osakwana 25, atatu kwa wa 25 mpaka osakwana 35, ndi anayi kwa aliyense wolemera makilogalamu 35 kapena kuposa. Amwedwe ndi mkaka kapena chakudya chokhala ndi mafuta, chifukwa lumefantrine salowa bwino m'magazi pamimba yopanda kanthu, ndipo mwana woyamwa ayamwitsidwe akangomwa. Wodwala akasanza pasanathe mphindi 30 mlingowo ubwerezedwe, ndipo mubwerere kuchipatala kuti akuwonjezereni mapiritsi olowa m'malo. Akamasanza chilichonse, mapiritsi sangamuthandizenso, akufunika jekeseni.

Zimene zinachitikira mng'ono wanu, agogo, zikufanana ndi malungo aakulu. Maselo ofiira amene muli falciparum amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta muubongo, m'mapapo ndi mu impso, n'kutchinga kuyenda kwa magazi, ndipo kwa mwana izi zimatha kufika poipa m'tsiku limodzi. Zizindikiro zimene aliyense ayenera kuthamangira nazo kuchipatala, usiku kapena usana, kaya kachipangizo kanati chiyani, ndi kukomoka kapena kugwedezeka thupi, kugona mosadzutsika kapena kusokonezeka maganizo, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kufooka mpaka kulephera kukhala tsonga, kupuma mobanika, kuyera kwa zikhatho ndi m'zikope, chikasu m'maso, mkodzo wakuda kapena wochepa kwambiri, ndi kutuluka magazi mosadziwika bwino. Wodwala wotere amapatsidwa artesunate wobaya mumtsempha kapena mumnofu akangofika, kenako patatha maola 12, patatha maola 24, ndipo pambuyo pake kamodzi patsiku mpaka atayamba kumwa, pomwe amamaliza ndi LA wa masiku atatu. Kale tinkadalira kwinini, koma kafukufuku wamkulu wotchedwa AQUAMAT, amene anachitika pa ana oposa 5,000 m'mayiko 9 a mu Africa ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anapeza kuti mwa ana 100 alionse opatsidwa kwinini anamwalira pafupifupi 11, pamene mwa opatsidwa artesunate anamwalira pakati pa 8 ndi 9. Kuwonjezera apo timayeza shuga chifukwa amatsika kwambiri, timaletsa kukomoka, ndipo ena timawaika magazi.

Kwa okhala kutali, amene mwawatchula moyenera, pali artesunate woika kumatako, amene azaumoyo a m'midzi amatha kupatsa mwana wosakwana zaka 6 wokhala ndi zizindikiro zoopsa. Ameneyu sachiza, amangogulira mwana nthawi yofikira kuchipatala, ndipo banja limene labwerera kunyumba poona kuti mwana watsitsimuka limamuika pa ngozi yaikulu. Malinga ndi WHO, mu 2023 anthu pafupifupi 263 miliyoni anadwala malungo padziko lonse ndipo pafupifupi 597,000 anamwalira. Mwa imfa 100 zilizonse, pafupifupi 95 zinachitika mu Africa, ndipo atatu mwa anayi alionse amene anamwalira kumeneko anali ana osakwana zaka zisanu. Akuluakulu okulira kumene malungo ali ofala amakhala ndi chitetezo china m'thupi, ngakhale kuti n'chosakwanira ndipo chimafooka munthu akakhala nthawi yaitali kudera kopanda malungo. Choncho mayi, bambo a kunyumba ali ndi mpata wokayezedwanso m'malo mogula mankhwala, koma chizindikiro chimodzi mwa zimene ndatchulazi chikaoneka asadikire masiku awiri aja.

Mayi wa ana awiri analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, kuphatikizapo agogo, chifukwa mwafunsa zimene bambo a kunyumba akhala akunena. Ndawawerengera mayankho anu ndipo avomera kukayezedwanso.

Komabe pali chinthu china chimene chikundisokoneza. Mng'ono wanga ndi woyembekezera koyamba, ndipo nthawi iliyonse akapita kusikelo amamupatsa mapiritsi atatu a SP kuti amwere pomwepo, osamuyeza malungo komanso asakudwala. Adokotala, mwanena kuti SP anafooka, ndiponso kuti si bwino kumwa mankhwala a malungo popanda kuyezetsa. Nanga iyeyu akumweranji? Ndifunsenso za mwana wanga wamng'ono amene walandira katemera wa malungo: kodi katemerayu angachititse kuti kachipangizo kaonetse mizere iwiri, ndipo akatentha thupi n'kofunikabe kukamuyezetsa?

Namwino mzamba anayankha:

Achemwali, mng'ono wanu asasiye mapiritsi amenewo. Zimene akulandira si chithandizo cha munthu wodwala, ndi njira yopewera, ndipo inaikidwa chifukwa malungo amachita mosiyana m'thupi la mayi woyembekezera.

Maselo ofiira amene muli falciparum amakonda kumatirira mu nsengwa, pomwe mwana amalandirira chakudya ndi mpweya kuchokera kwa mayi ake. Tizilombo timatha kudzaza mmenemo mayi osamva kutentha thupi, ndipo nthawi zina magazi a pachala saonetsa kanthu pa maikulosikopu chifukwa tizilombo tambiri sitikuyendayenda m'thupi. Kuwonongako kumachitika mwakachetechete: mayi amachepa magazi, zimene zimaika moyo wake pa ngozi akataya magazi pobereka, ndipo mwana amakula movutikira. Ena amabadwa ochepa thupi kapena masiku asanakwane, ena amafera m'mimba, ndipo mimba zina zimapita padera. Amene ali pa ngozi yaikulu ndi a mimba yoyamba ndi yachiwiri, chifukwa thupi lawo silinaphunzire kulimbana ndi tizilombo tomatirira mu nsengwa. Tikadati tidikire zizindikiro kuti tiyeze, ambiri tikadawaphonya.

N'zoona kuti SP sadalirikanso pochiza munthu wodwala malungo. Koma popewa, kwa mayi amene ali kale ndi chitetezo china m'thupi, akuthandizabe kuchepetsa kuchepa kwa magazi ndi kubadwa kwa ana ochepa thupi, ndipo n'chifukwa chake WHO ikulimbikitsabe njirayi kumadera kumene malungo ali ofala. Ubwino wina ndi wakuti popewa tikugwiritsa ntchito mankhwala osiyana ndi amene timachizira, kotero mphamvu ya LA siikhudzidwa. Mayi amayamba kumwa miyezi itatu yoyamba ikatha, kuyambira sabata ya 13, ndipo amabwereza pakadutsa mwezi umodzi kapena kuposa mpaka nthawi yobereka, kosachepera katatu. Timafuna kuti amwere pamaso pathu chifukwa mapiritsi opita nawo kunyumba ambiri amaiwalika. SP saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba, saperekedwa kwa amene thupi lawo limadana ndi mankhwala a gulu la sulfa, ndiponso saperekedwa kwa mayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa cotrimoxazole tsiku lililonse, chifukwa mankhwala awiriwa amagwira ntchito mofanana ndipo kuwaphatikiza kumachulukitsa zovuta. Mng'ono wanu awauze anamwino mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo mapiritsi othandiza magazi a folic acid, popeza mlingo waukulu wa mamiligalamu 5 umafooketsa SP pamene mlingo wamba wa mamiligalamu 0.4 ulibe vuto.

Kumwa SP sikutanthauza kuti sangadwale. Azigona m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, ndipo akatentha thupi akayezetse tsiku lomwelo, chifukwa kwa woyembekezera malungo amafika poipa msanga ndipo shuga amatsika mosavuta. Akapezeka nawo amachizidwa mokwanira. Kale m'miyezi itatu yoyamba tinkapereka kwinini wa masiku 7, amene amayi ambiri ankalephera kumaliza chifukwa cha chizungulire ndi kulira kwa m'makutu, koma mu 2022 WHO inavomereza kuti LA aziperekedwa ngakhale m'miyezi imeneyi. Mayiko akusintha malangizo awo pa nthawi zosiyana, choncho atsate zimene achipatala cha kwawo amuuza ndipo asabise kuti ali ndi pakati.

Za katemera, yankho ndi lakuti sangachititse mizere iwiri. Mulibe tizilombo tamoyo, ndipo amaphunzitsa thupi kuzindikira puloteni ina, imene ili pakhungu la kachilombo pamene kakuchokera kwa udzudzu kupita m'chiwindi, osati HRP2 imene kachipangizo kamafufuza. Katemera woyamba, RTS,S, anayamba kuperekedwa moyeserera mu 2019 ku Ghana, Kenya ndi Malawi, WHO inamuvomereza mu 2021, ndipo mu 2023 inavomerezanso wachiwiri wotchedwa R21. Amaperekedwa kanayi kuyambira mwana ali ndi miyezi pafupifupi isanu, ndipo ulendo wachinayi, umene umabwera patapita nthawi yaitali, ndi umene makolo ambiri amaiwala ngakhale kuti ndi umene umatalikitsa chitetezo. M'madera amene anayeserera, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse. Komabe katemerayu amachepetsa kudwala, saletseratu, kotero mwana wanu akatentha thupi ayezedwe monga mwana wina aliyense, ndipo mizere iwiri ikaoneka achipatala muwauze ngati anamwapo LA m'masabata apitawa, kuti adziwe ngati magazi akufunika kuonedwanso pa maikulosikopu.